Ulusi wa pachikope

Mwana wanga woyamba, wamkazi, anabadwa ndi kabanga kofiira pachikope chakumanzere, kochepa ngati kambewu ka mapira. Pofika miyezi itatu kanali katatupa ngati phwetekere wakupsa, diso likutsekeka.

Kusikelo ku Kaduya ananditumiza ku chipatala cha ku Boma, a ku Boma nawo anandilembera kalata ya ku Blantyre. Dokotala wa kumeneko anati ndi timitsempha ta magazi tomwe tapiringizana. Anati kunja kuli makina otchedwa leza, oumitsa timitsempha totere ndi kuwala, koma kuno kulibe, mwina ku Joni.

"Chotupachi chidzaphwa chokha pakapita zaka, mayi. Vuto ndi diso. Likakhalitsa chitsekere limaiwala kuona. Muzilitsegula ndi chala tsiku lililonse. Ndipo wina asachiteme, magazi ake savuta kutuluka koma kuleka."

Anandipatsa timapiritsi tomusungunulira mu sipuni. Ku Joni ine? Ngakhale Limbe ndinali nditangomuona tsiku lomwelo.

Kunyumba ndinasolola ulusi pa chitenje. Lamulungu lililonse ndinkayeza chotupacho n'kumanga mfundo pomwe chafika. Mfundo yatsopano inkakhala patsogolo pa inzake nthawi zonse.

Tinkakhala pakhomo pa amayi anga ondibala. Iwo ankati ndi magazi oipa, ofunika kutemera mphini kuti atuluke. Ine ndemwe ndili nazo mphini zawo pachifuwa, ndipo ndinakula. Ndinawauza za dokotala kangapo konse, iwo amvekere, "Ehe, tamva."

Tsiku lina m'mawa ndinapita ku mjigo, mwana n'kumusiya ali mtulo. Pobwera ndinapeza amayi atamugoneka pamiyendo, lumo latsopano lili m'manja, mankhwala akuda ali pa chigoba pambali. Ndowa ndinangoitaya.

"Amayi, musatero! Amwalira!"

Ndinamukwatula. Iwo sanakalipe. Anandiyang'ana, misozi ili mbwembwembwe.

"Nanga iweyo uli ndi chiyani? Makina akowo ali kuti? Diso la mdzukulu wanga likutha, iwe uli kalikiliki kumanga ulusi ngati telala."

Zoona, ndinali ndi ulusi, sipuni ndi chala basi.

Kuyambira tsikulo mwana sanachokenso kumsana kwanga. Kumunda, kuchigayo, ngakhale kuchimbudzi, ndinali naye. Ndikakhala pansi ndinkakweza chikopecho, iye akulira, ine ndikumuonetsa nkhuku, mitengo, phiri, ndikumupempha kuti, "Taona, mayi wanga, taona pang'ono chabe."

Mwanayo atatha chaka, mfundo inayamba kubwerera m'mbuyo. Pomwe ankayamba sukulu panangotsala khungu lamakwinya. Ndinamuphimba diso labwinolo ndi dzanja, n'kumufunsa chomwe akuona.

"Chinthu chakuda chikuyenda," anatero. Anali amayi, akudutsa ndi lichero.

Amayi anamva. Anaima, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Ukanandilola." Mwanayo ali moyo, akuona ndi diso limodzi.