Dzina la Rozina linakwana pa pepala pokha

Ntchito yolemba pa ziliza anandipezera ndi amalume. Nditalephera Fomu 4 ndinkangokhala pakhomo, ndiye tsiku lina anandikoka mpaka pa boma kwa mnzawo, a Zembeni. "Uyu kujambula amatha, koma ulesi," anatero. Ndinalembedwa ntchito ndi umboni umenewo.

Ntchito imeneyi njotopetsa, asakunamizeni. A Zembeni ankasindikiza mawu pa pepala. Ine ndinkamata tepi pamwala, pepala pamwamba pake, n'kumatsata chilembo chilichonse ndi lezala. Ukamatula tepi wodulidwayo umagoba ndi kachitsulo kosongoka ndi hamala, kenako kupaka penti wagolide. Pofika madzulo msana uli gwa, fumbi lili tho m'mphuno.

Zimene ndinkadana nazo kwambiri ndi zilembo zija zowonda, zazitali, za timiyendo kumapeto, zonga za m'mabuku akale a nyimbo. Pamwala zimaoneka zaulemu, ndipo dzina lalitali limalowa pamzere umodzi. Koma mizere yake ina njopyapyala ngati ulusi. Dzanja likangonjenjemera, kamwendo kabenthuka, mwala wonse wawonongeka.

Tsiku lina kunabwera a Yohane a kwa Nthache kudzalembetsa chiliza cha bambo awo. Anasankha zilembo zonenepa, m'munsi mayina a ana. Tisanayambe kudula, anatulukira mayi wina wa ku Zobue, fumbi mpaka m'mawondo. Anati ndi Rozina, mwana wa malemu yemweyo, wobadwa nthawi imene bamboyo ankagwira ntchito kutsidya kwa malire.

Anagwada. "Achimwene, langanso lilembedwe."

"Malo palibe. Mwalawu ndi waung'ono," anayankha a Yohane akuyang'ana kumbali.

A Zembeni, ndi mtima wawo wabwino uja, anakhulupirira kuti vuto ndi malodi. Anapita pa kompyuta, n'kusintha mawu onse kukhala zilembo zowonda zija. Pepala linatuluka mayina onse atakwana, la Rozina kumapeto. Mayiyo analitsata ndi chala, akumwetulira.

A Yohane anati, "Abwana, musativutitse. Kumudzi tinakambirana kale. Dzina limenelo silikhalapo."

Abale inu, m'shopu munazizira. Rozina sanalire. Anangofunsa kuti, "Pepalali ndingatenge?" Analipinda bwinobwino, n'kulimanga pa nsonga ya chitenje, ulendo kukakwera kabaza.

Masana onsewo ndinagoba zilembo zonenepa zija. Ndi zosavuta, sizibenthuka, koma sindinatopepo ngati tsiku limenelo. A Zembeni sanadye n'komwe.

Lero ndili ndi kashopu kanga, ndipo zilembo zowondazo ndimazigwiritsabe ntchito. Koma munthu akandiuza kuti malo palibe, sindithamangira kumuonetsa kuti alipo. Ndimayamba ndamutengera panja n'kumufunsa ngati kumudzi anagwirizana. Tikanapanda kusintha zilembo zija, Rozina akanabwerera kwawo akungodandaula za kuchepa kwa mwala. Ife tinamuonetsa dzina lake, n'kumumvetsa ndi makutu ake, pamaso pa anthu, kuti abale ake samufuna.