Chisoti Anakana Kusiya Makina a Gasi

Kumalo opangira magetsi kunali mayi wina amene aliyense ankamutcha Chisoti, chifukwa chipewa cholimba cha kuntchito ankakachivulira kunyumba, osati pageti ngati anzake. Analowa ntchito ngati wosesa, kenako anaphunzira kumanga mapaipi, mpaka anamuika kuti aziyang'anira makina aakulu. M'makinamo gasi amayaka, mpweya wamoto n'kumakankha mapiko achitsulo, mapikowo n'kumazunguza jenereta. Kutentha kotsala kumawiritsa madzi, nthunzi yake n'kukazunguza makina ena. Chisoti ankaikonda ntchitoyi, ndi phokoso lake lomwe.

Vuto linali kunyumba. Zaka zinkapita m'banja mulibe mwana, ndipo apongozi ake anapeza pogwira. Loweruka lina anafika ndi mwana wawo wamkazi wamkulu, nakhala pabalaza osamwa n'komwe madzi.

"Mwana wanga, moto umakhala nawo uja wakuumitsa m'mimba," anatero apongoziwo. "Ntchitoyi uisiye."

"Amayi, ine kuchipatala ndinapita, anati ndili bwinobwino. Afunseni ana anuwa ngati anapitako."

Mwamuna wake, yemwe anali telala, anangoti zyoli, n'kumaseweretsa tepi yoyezera imene inali m'khosi mwake.

"Mulamu, amayi mukuwayankha choncho?" analowerera mlamu wake uja.

"Eya, ndikuwayankha. Azibambo amene ndimagwira nawo ntchito amaotha moto womwewo, koma ana ali mbwee, ena mpaka kunja kwa banja. Moto umenewu ukungosankha ine? Ntchito sindisiya."

Apongozi ananyamuka osatsanzika. Chisoti anamuchonderera mwamuna wake kuti apite limodzi kwa dokotala, koma iye ankangoti ali ndi masuti a anthu oti amalize. Mwezi usanathe mwamunayo anathetsa banja, nabwera ndi galimoto kudzatenga makina ake osokera. Chisoti anamuthandiza kunyamula, anamumangiranso chingwe kuti makinawo asagwe panjira. Kulira anakalirira kuntchito, pafupi ndi makina, pamene palibe amene akanamumva.

Telalayo anakwatira wina. Anthu ankabwera ndi nkhani za banja latsopanolo, koma Chisoti ankawadula pakamwa. "Ali ndi mwana kaya alibe, si zanga. Mwabwera ndi zina?"

Pano imvi zayamba, ndipo ndiye mkulu wa gulu lake. Khutu lakumanzere silimva bwino, choncho amayankhula mokweza, moti achilendo amayesa akukalipa. Abwana atamuuza kuti akapumulire mu ofesi yozizira, anayankha kuti mpandowo aupereke kwa wotopa.