Namabotolo ndi Nyanja ya Kumwezi Wakutali

Tsiku limene anaika mwana wake m'manda, analibe ngakhale nsalu yabwino yomukulungira. Kamwanako kanapita ndi matenda otsegula m'mimba, chifukwa cha madzi a pachitsime cha kuseri kwa nyumba zalendi. Sukulu anali atasiya kalekale chifukwa cha mimba, mwamuna naye anali atathawa.

Mlamu wake anamupezera ntchito yotsuka mabotolo m'labotale ya payunivesite. Kumeneko anangomutcha Namabotolo. Manja ake anang'ambika ndi mankhwala otsukira, koma sankadandaula. Misozi inali itamuthera.

M'labotalemo ankafufuza tizilombo tosaoneka ndi maso timene timapirira m'madzi amchere kwambiri komanso ozizira koopsa. Tsiku lina analimba mtima n'kufunsa apulofesa.

"Bwana, anthu akufa ndi madzi pansi pompano. Nanga tizilomboti mukuvutika nato chifukwa chiyani?"

"Kutali uko kuli mwezi wina wozungulira dziko lalikulu lotchedwa Jupita," anayankha apulofesa. "Pamwamba pake ndi madzi oundana okhaokha, koma akatswiri akuganiza kuti pansi pake pali nyanja. Ngati tizilomboti tikupirira muno, mwina kumenekonso kuli zamoyo."

Mawuwo anamukhala pamtima.

M'mawa wina wothandizira apulofesa anamupatsa mabotolo khumi kuti akataye zam'katimo, akuti zonse zinafa. Atakweza limodzi pawindo, anaona kuti pansi pake pachita mbuu. Patatha zaka zitatu akutsuka, ankatha kusiyanitsa litsiro ndi chimene si litsiro.

"Ili lokha tisataye, bwana. Muli kanthu."

Wothandizirayo anaseka chikhakhali. "Wayamba liti kuona tizilombo ndi maso, Namabotolo? Tsuka uzipita!"

Namabotolo anakana. Wothandizirayo anamulembera kalata yomuchenjeza, akuti wachita mwano, koma iye botololo analibisa m'filiji. Patatha sabata anachonderera apulofesa kuti aliyeze. Tizilombo tinali tamoyo, tikuswana.

Lipoti la kafukufukuyo litatuluka, dzina lake panalibe.

Zinamuwawa mpaka m'mafupa. Koma m'malo mosiya ntchito, analembetsa sukulu ya Loweruka. Masamu analephera kawiri. Mayi ake anamwalira akumuuzabe kuti, "Mwanawe, ungokwatiwa. Zakumwambazo n'za Mulungu." Kachitatu masamu aja anakhoza.

Panapita zaka khumi ndi ziwiri kuti avale gauni ya omaliza maphunziro apayunivesite. Lero ali m'gulu la akatswiri amene akukonza kachipangizo koyezera madzi, koti tsiku lina kadzatumizidwe kumwezi uja. Ulendowo ndi wa zaka zambirimbiri, ndipo akudziwa kuti yankho likhoza kudzabwera iye atagona kale. Komabe kuntchito amalawirira m'mamawa.

Inu amene mukuwerenga muli ndi chisoni, sindikunamizani kuti njira ndi yaifupi, kapena kuti onse adzakuthokozani. Mukagwa, dzukani, musase fumbi, muyambirenso. Zina zonse zikhoza kutayika, koma mtima wokha musautaye.