Tenti ya Maliro pa Mapu Awo

Anafika awiri, mayi ndi bambo, ndikuyanika zovala pakhomo pathu ku Bangwe. Panali patatha miyezi isanu chiwaikireni amuna anga m'manda. Anati akukonza mapu osonyeza komwe anthu athithikana, kuti adziwe koyenera kuika mipope ya madzi.

Sindinawapatse mpando. Masiku amenewo alamu anga ankauza anthu kuti puloti ya achimwene awo yakula kwambiri kwa mkazi mmodzi. Aliyense wofunsa za nyumba ndinkamuona ngati wotumidwa.

Mayiyo anandionetsa foni yaikulu. Munali chithunzi chojambulidwa kuchokera kumwamba, madenga okhaokha, lililonse ndi kadontho kofiira. Pathu panali timadontho tiwiri.

"Mayi, m'nyumba yachiwiriyi mumagona anthu angati?"

"Nyumba iti?"

"Yadenga loyerayi, pafupi ndi mtengo wa mapeyala."

"Wakuuzani ndani kuti ndili ndi nyumba ziwiri?"

"Amawerenga madenga ndi makina," anatero bamboyo. "Kapena munaigwetsa?"

"Makina anuwo amadziwana ndi alamu anga?"

Iwo anaseka, ine ayi. Ndinawatengera pamtengopo. Panali dothi lokha, ndi timaenje tinayi tomwe mvula inali isanakwirire. Nditayang'anitsitsa chithunzicho ndinazindikira kuti denga loyeralo linali tenti imene ampingo anamanga pamaliro. M'mbali mwake munkaoneka timawanga takuda, anthu odzakhuza maliro. Ndiye kuti tsiku limene ndinkalira, kumwamba kunali chinthu chikutijambula osatiuza.

Mayiyo anapepesa, n'kufufuta kadontho kachiwiriko ndi chala. Kenaka anafunsa motsitsa mawu, "Nanga m'nyumba yotsalayi mumagona angati?"

Ndinkagona ndekha. Ndinafunsa kuti mapuwo amawaona ndani. Anati salembapo mayina, amangosonyeza kuchuluka kwa anthu. Koma ine denga langa ndinalidziwa popanda dzina. Alamu anga sakanalephera kulidziwa, poti malatawo anakhoma nawo. Tsiku lina akanaloza pamapupo pamaso pa anthu, n'kunena kuti onani, zipinda zitatu, munthu mmodzi.

"Lembani asanu," ndinatero.

Bamboyo anayang'ana pachingwe, pomwe panali zitenje zanga zokha, koma analemba.

Bodza sindinalizolowere, ndipo linandilemera. Sabata yomweyo ndinaimbira mng'ono wanga kumudzi ku Mulanje kuti abwere ndi ana ake atatu, tidzakhale limodzi. Anafika Loweruka, ndi mphasa ziwiri komanso nkhuku.