Ngalande Imene Sindinaitchule

Chinali chaka cha 2021, ine ndili ndi zaka 57. Ntchito ya ulonda pa hotela ina ya m'mphepete mwa nyanja ku Doha ndinaipeza zaka zisanu ndi chimodzi m'mbuyomo, kudzera mwa ejenti wa ku Lilongwe. Sukulu ndinalekeza Sitandade 7, koma gombe limenelo palibe ankalidziwa kuposa ine. Mbendera yofiira yoletsa alendo kusambira ndinkakweza ndine. Wailesi yam'manja inkakhala m'chiuno mwanga.

Kenako kunabwera Limbani wa ku Zomba, bambo wa ana awiri, wa Fomu 4. Lamulo linali litasintha, munthu ankatha kusiya bwana wake osapempha kalata yomulola kuchoka. Ine kalata imeneyo ndinaipempha zaka zitatu osaiona. Iye anangosiya bwana wake wakale n'kulowa ntchito pa hotela yathu ngati pakhomo pa amake. Tinkagona chipinda chimodzi ku Umm Ghuwailina, ndipo ankandilemekeza. Ulemuwo unkandiwawanso.

Mu Okutobala kunamveka kuti namondwe wayamba panyanja yaikulu ndipo akulunjika ku Oman. Supavayiza wathu, mayi wa ku Philippines, anapereka tabuleti kwa Limbani ine ndili pomwepo. Maola atatu alionse ankaona pamene namondwe wafika, liwiro la mphepo, kutalika kwa mafunde, ndi nthawi imene nyanja idzadze. Ankalemba pabolodi n'kutiwerengera, masiki ali pachibwano. Wailesi yanga anamupatsanso.

Tsiku lachitatu m'mawa anandipeza pa mbendera.

"Madala, namondweyu safika kuno, koma akoka mphepo yamphamvu. Ikumana ndi madzi odzadza cha m'ma fili koloko. Ndati katundu yense timutsekere mu shedi yakumunsi. Inu mukuona bwanji?"

"Si uli ndi tabuleti? Ifunse."

Anaseka, ankaona ngati nthabwala. "Yala, madala, tiyeni tinyamule," anatero, yala kukhala mawu a Chiarabu ofulumizitsa munthu.

Kuseri kwa shediyo kunali ngalande yotayira madzi a mvula m'nyanja. Nyanja ikadzadza kuli mphepo, ngalandeyo inkabweza madzi. Ndinali nditazionapo kawiri, ndipo kawiri konse ndinaitseka ndekha ndi matumba a mchenga. Pa tabuleti sinkaoneka. Ndinanyamula nawo katundu, loko ndinakhoma ndi dzanja langa, za ngalandeyo osatchula. Mumtima ndinkati, aone kuti sukulu si nzeru.

Mphepo inafika nthawi imene iye ananena. Mafunde anakwera mpaka pamene iye anali atajambula mzere pamchenga, osapitirira. Palibe mlendo ngakhale mmodzi amene ananyowa. Koma cha m'ma folo koloko madzi anatulukira pansi pa chitseko cha shedi, ochokera mkati. Titatsegula, anali olekeza m'mawondo.

Mawa lake supavayiza anatiitana tonse awiri. Patebulo panali buku la alonda, mmene timalembamo zochitika. Analitsegula pa tsamba lakale. Dzanja linali langa: ngalande yabweza madzi, ndatseka ndi matumba khumi.

"Analemba izi ndani?"

"Ndine."

Limbani analowererapo. "Madamu, mwina anaiwala. Ndi kale."

"Sindinaiwale," ndinatero. Bodza sindinanenepo pantchito, ndipo sindikanayamba tsiku limenelo kuti andipulumutse iye.

"Khalasi," anatero mayiyo, ndiye kuti zatha. Sanandichotse ntchito. Ananditumiza ku geti la magalimoto, kokweza ndi kutsitsa chitsulo tsiku lonse, nyanja ili kumbuyo kwanga.

Ndinaphunzira ichi: chimene ukuchidziwa pantchito si chako, ndipo ukachibisa chimakuchitira umboni. Nsanjeyo sinathe, ndisanamize. Limbani pano ndi mkulu wa alonda onse.

Zimene zinatayika ndi izi: matilesi 40 a pamipando yogonera alendo, maambulera 12, pampu imodzi, jenereta imodzi. Gombe langa. Ndi munthu mmodzi amene ankandifunsa kuti, "Inu mukuona bwanji?" Sanadzandifunsenso.