Mapepala a Nyumba ya ku Nyambadwe

Bambo atamwalira, ndinatha miyezi isanu ndi iwiri ndikukhala pa mabenchi a m'maofesi. Nyumba yathu ya ku Nyambadwe, chakumunsi koyang'anana ndi Ndirande, inali m'dzina lawo, ndipo abale awo anali atayamba kale kubwera ndi anthu odzayeza mpanda ndi mapazi. Ine ndinkafuna chinthu chimodzi basi: nyumbayo ilembedwe m'dzina la mayi, wina asadzawatulutsire katundu panja. Koma pepala la umwini, lija timati taitolo didi, silinkaoneka.

Tinafunafuna, abale inu! Tinatembenuza matiresi, tinakhuthula masutikesi, Baibulo tinalitsegula tsamba ndi tsamba. Ndinakwera m'denga n'kutsikamo ndi fumbi ndi manyi a makoswe. Ku fakitale ya ku Makata komwe bambo ankagwira ukalaliki anangondipatsa kapu yawo ya tiyi n'kundipepesa.

Ndiye ndinayamba kuyenda. Kupolisi, kukatenga kalata yoti pepala linatayika. Kwa loya, kukalumbira. Kenako ku ofesi ya zamalo m'tauni, komwe bambo wina wa pakauntala, wofatsa ndithu, ankandiuza kuti, "Achimwene, fayilo tikuifufuza, mudzayese Lachinayi." Lachinayi likakwana ndinkapempha chilolezo kwa abwana anga ku Limbe nkhope ili pansi, n'kukwera minibasi kukakhala pa benchi lomwe lija mpaka msana kuuma. Nsapato zinatha zidendene. Ndinayamba kukalipira aliyense, ngakhale kondakitala wosalakwa.

Mayi sankanena zambiri. Ndikafika ankangofunsa kuti, "Zayenda bwanji?" Ndikati sizinayende, ankati, "Mulungu alipo," n'kupitiriza zomwe akuchita. Kunena zoona, kufatsa kwawoko kunkandiwawa kuposa mabenchi aja.

Loweruka lina masana bambo aang'ono, mng'ono wawo wa malemu, anabwera ndi munthu wa galimoto yaikulu. Munthuyo anazungulira nyumba akugogoda makoma ngati akusankha chivwende pamsika. Atachoka ndinapsa mtima, ndipo ndinawakalipira mayi anga ondibereka, iwo ali pakhonde akusita.

"Inu mayi, zaka zonsezi m'nyumba imodzi, osadziwa komwe amuna anu ankasunga mapepala? Akakuthamangitsani mukagona kuti?"

Anaika simbi pansi.

"Ndikudziwa komwe lili," anatero. "Lili m'thumba lam'kati la suti yawo yakuda."

Suti imeneyo ndi yomwe tinawaveka bambo m'bokosi.

Anandifotokozera mawu ali pansipansi. M'mawa wa tsiku lokatenga thupi ku mochale, azilamu awo anadzaza m'chipinda, maso onse ali pa wadilopu. Mayi potulutsa sutiyo, dzanja lawo linakhudza envelopu, ndipo anaizindikira.

"Ndikanapisa m'thumba pamaso pawo akanati chiyani? Akanati mwamuna sanaikidwe n'komwe, mkazi wayamba kale kusecha matumba. Ndinangoipinda sutiyo n'kuwapatsa."

"Nanga miyezi yonseyi osandiuza bwanji?"

"Ukanatani? Ukanakawafukula bambo ako?"

Ndinakhala pansi pa simenti. Ukali wonse unandithera, kunatsala kutopa kokhakokha. Mayi anatenganso simbi ija, koma inali itazizira.

"Pamaliro paja anandiyamikira pagulu kuti ndine mkazi waulemu, sindinagwire kanthu ka m'bale wawo," anatero. "Ndi omwewo akubwera ndi ogula nyumbawa."