A Lameki, Wosayenera Ntchito

Mwezi wa Okutobala ku Dambe dzuwa limaswa mtengo. Mitambo ikayamba kuunjikana kumapiri, aliyense amayang'ana denga lake. Udzu uyenera kukwera mvula yoyamba isanagwe.

Chaka cha 1951 mudzi wathu unali ndi madenga makumi atatu, koma mwamuna wokwerapo anali mmodzi. Ena onse ntchito inawatenga: amphamvu kumigodi ya ku Joni, ochenjera ku Halale, otsalawo kothyola tiyi ku Thyolo. A Lameki anatsala chifukwa cha sikelo. Anapita katatu kwa olemba anthu a kumigodi, kachitatuko atadya mkoko wa nthochi ndi kumwera chipanda cha madzi. Sikelo sinawamvere chisoni. Kalaliki anawalembera kapepala: wosayenera ntchito.

Wosayenera ntchitoyu ndiye ankafolera mudzi wonse, kuluka nkhokwe ndi kukumba manda. Mayi aliyense ankabwera ndi chipanda cha thobwa, n'kugwada, n'kunena mawu amodzimodzi: "Amuna anga ali kuntchito." A Lameki akamva mawu amenewo ankavula chipewa n'kunyamula makwerero.

Denga limene sankalifika linali lawo. Akazi awo, a Stelia, anagona madzinja awiri pakati pa miphika yolandira madontho. Ndipo a Lameki anali mkamwini pamudzipo. Malume awo a Stelia, a Zefaniya, amene anatsala pamudzi chifukwa cha ukalamba, anawaitana.

"Mvula ikalowanso m'nyumbamu, mphasa yanu mudzaipeza panja. Tinkafuna mkamwini ife, osati tambala wa pamadenga a eni."

A Lameki anapita kukapempha thandizo kwa a Jimu, amene anali atangobwera kuchokera ku Joni ndipo ankavala chikhoti ndi kutentha konseko.

"Udzu?" anatero a Jimu. "Kumene tachokera udzu amadya mahatchi, achimwene."

Lachisanu kunagunda. M'mawa mwake amayi anayi anali atakhala kale pabwalo ndi zipanda zawo. A Stelia anatulukira kuseri kwa nyumba, anamanga duku la kutchalitchi, n'kukhala kutsogolo kwa mzere. Anagwada, naika chipanda chawo pansi.

"Muli bwanji, bambo? Denga langa likudontha. Amuna anga ali kuntchito."

"Kodi anapita kuti?" anafunsa mayi wina, akubisa mano m'chitenje.

"Sindidziwa. Kalata salemba, chikhoti satumiza. Ndimangowaona patali, pamwamba."

A Lameki anayang'ana chipanda, nayang'ana mitambo. Anavula chipewa.

"Nyumba yake ndi iti, mayi?"

"Mwaitsamirayo."

Anakwera dzuwa lisanatenthe. A Stelia ankaponya mitolo, iwo ankawakha, a Zefaniya ankalangiza ali pamthunzi. Mphepo ya mvula itayamba kununkhira fumbi lonyowa, a Lameki anayala mtolo womaliza pansonga, anakulunga luzi katatu, anakoka ndi mano, n'kudula.